Dzina Ndi Katundu wa Wolisenza

Pali dandaulo limene likumveka kaŵirikaŵiri masiku ano, makamaka pakamwa pa achikulire. Iwo amati kulankhula kwasanduka kuyenda paminga, chifukwa mau amene adakula nao, amene makolo ankanena poyera popanda wina woŵaimba mlandu, lero akuŵerengedwa ngati chipongwe. Munthu ukati wopunduka, akukuuza kuti unene wolumala. Ukangozoloŵera zimenezo, akukuuzanso kuti unene munthu waulumali. Achinyamata naonso ali ndi yankho lao: amati dziko lapita patsogolo, ndipo kalankhulidwe kakale nkosoŵa chifundo. Tsono mbali ziŵirizi zikakumana pa khonde kapena pa msonkhano wa mphakati, zimasiyana zisanamvane, wina akuti ulemu watha, wina akuti ulemu wayamba kumene.

Mkangano wotere sutha ndi kukweza mau. Kuti tiumvetse bwino tiyenera kufunsa mbiri yakale, pakuti liwu lililonse lili ndi kumene lidachokera ndi njira imene lidadzera. Ndipo m'dziko la Malaŵi ndi malo ochepa amene angatiphunzitse zimenezi kuposa dera la Bua, m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota.

Mtsinje wa Bua umayambira kumtunda ku Mchinji, nudutsa m'zigwa za chigawo chapakati, nuloŵa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota, kenaka nkukathira m'nyanja chakumpoto kwa boma. Ambiri amaudziŵa chifukwa cha mpasa, nsomba imene imakwera mtsinje kukaswana, ndiponso chifukwa cha minda ya mpunga. Koma gombe limeneli lakhalanso bwalo lokumanirapo mitundu ya anthu: Acheŵa, Atonga ochokera chakumpoto, Aswahili a ku nyanja yamchere, Ayao, Angoni, Azungu, ndipo kuyambira pamene minda ya nzimbe idatsekulidwa ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu a zigawo zonse za dziko lino. Anthu osiyana akakumana amapatsana maina. Ena mwa maina amenewo amakhala mphatso, ena amakhala zipsera.

Makolo ankayeza mau

Tiyambe ndi nthano imene pafupifupi mwana aliyense wa Chicheŵa adaimvapo. Akuti makolo athu pofika m'dziko muno adapezamo anthu aafupi msinkhu, Akafula kapena Abatwa, amene akatswiri amati ndiwo adajambula zina mwa zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene bungwe la UNESCO lidaŵaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Nthanoyo imati munthu wotere akakumana nawe panjira ankafunsa kuti, mwandionera pati? Ukayankha kuti wamuonera pomwepo, ndiye kuti wamunyoza kufupika, ndipo uta unali pafupi. Wanzeru ankayankha kuti wamuonera patali, kutsidya kwa dambo, ndipo ankapitirira ulendo wake mwamtendere. Nchifukwa chake anthuwo adatchedwanso Amwandionerapati.

Nthano imeneyi timaisimba moseka, koma phunziro lake nlozama. Makolo ankaphunzitsa ana kuti munthu aliyense ali ndi pamene pamamuŵaŵa, ndipo amene afuna kuyenda bwino m'dziko la eni ayenera kupadziŵa nkupalambalala. Choncho si zoona kuti kale anthu ankangolankhula chilichonse chimene chabwera pakamwa. Mkazi sankatchula mwamuna wake dzina la paubwana, ankati bambo a uje, kapena ankamutchula ndi chiwongo, aPhiri, aBanda, aMwale. Mkamwini ndi apongozi ake ankapatukirana njira. Munthu wamkulu akafa, ankati watisiya kapena watsikira kuli chete. Mai wapakati ankamutcha woyembekezera, ndipo akabereka ankati wachira. Mwana amene sankadziŵa zimenezi ankatchedwa wosalangidwa, ndipo manyazi ake ankagwera makolo ake.

Komabe anthu omwewo anali ndi malo ndi nthaŵi zimene mau oŵaŵa ankaloledwa. Asuweni ankanyozana mpaka mlendo nkuganiza kuti ndeu ibuka, koma iwo akuseka. Adzukulu pa maliro ankanena nthabwala zimene wina sakadayerekeza kunena. Nyimbo za kutsimba ndi za kudambwe zinali ndi mau amene sankamveka pabwalo tsiku wamba. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba, amene kale ankamenyana nkhondo, mpaka lero amanyozana mwachibale popanda wokwiya. Apa tikuona kuti makolo sankayeza liwu palokha. Ankaona amene akulinena, amene akuuzidwa, ndi malo amene likunenedwa. Liwu lomwelo linali nthabwala pakamwa pa msuweni, koma mlandu wa nkhuku kapena mbuzi pakamwa pa munthu wapadera.

Liwu lolemera koposa

Palibe liwu limene lidalemera pa gombe la Nkhotakota kuposa liwu loti kapolo. M'zaka za m'ma 1840 kudafika Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah, amene adakhazikika pa dooko la Nkhotakota natenga udindo wa Jumbe. Iye ndi amene adaloŵa m'malo mwake adakulitsa ulimi wa mpunga, adakhoma zombo zamatanga, nachita malonda a minyanga ya njovu ndi a anthu. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa kumtunda, ku Kasungu ndi kupitirira, ankatsikira kunyanja ali m'magoli, ankaŵaolotsa pa zombo kupita kutsidya la kuvuma, kenaka nkuyenda pansi ulendo wa miyezi mpaka ku Kilwa. David Livingstone adafika pa malo ameneŵa mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo umene amati adakumanapo ndi Jumbe udakhala chikumbutso chodziŵika. Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wa nthaŵi imeneyo, mu 1891 dziko lino lidaloŵa mu ulamuliro wa Angerezi, ndipo pasanapite zaka zambiri Jumbe womaliza adachotsedwa pa udindo natumizidwa ku Zanzibar.

Tisaganize kuti ukapolo udabwera ndi alendo okha. Pakati pa Acheŵa panali kale anthu ogwidwa pa nkhondo ndi ena operekedwa ngati chikole pa mlandu kapena pa njala, ndipo mafumu ena a kuno komwe ndiwo ankagulitsa anthu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuti timvetse kuŵaŵa kwa liwuli, tikumbukire m'mene mtundu wa Acheŵa umayendera. Munthu amaŵerengedwa kuchikazi. Ali ndi mbumba yake, ali ndi malume amene amamuimira pa mlandu, pa ukwati ndi pa maliro. Kapolo anali munthu wodulidwa ku zonsezi. Analibe malume, analibe nkhoswe, analibe manda a makolo. Amuna ena ankakonda kukwatira akazi otere pa chifukwa chomwechi, kuti ana adzakhale ao okha popanda malume wodzaŵalondola.

Malonda a anthu atatha, ambiri mwa otsala analibe kobwerera. Ena adagwidwa ali aang'ono kotero kuti sankadziŵa ngakhale dzina la mudzi wao. Adakhala pomwepo, adatenga chiwongo cha banja limene ankakhalamo, adakwatira ndi kukwatiwa, nabereka ana amene adakula ngati ana a pamudzi. Akuluakulu ankadziŵa chiyambi cha banja lililonse, koma ankasunga pamtima, ndipo kusungako kunali chifundo chimene chidamanga midzi yathu. Koma pakabuka mkangano wa munda kapena wa ufumu, wina mu ukali wake ankatha kufukula zokwiriridwa nkunena kuti, iwe ndiwe kapolo. Kunena choncho kunali kuuza munthu kuti alibe gawo pa nthaka imene adabadwirapo, ndipo alibe pakamwa pa bwalo la makolo ake. Nchifukwa chake m'midzi yambiri liwu limeneli lidasanduka mlandu wofika kwa mfumu, kalekale mabungwe a ufulu wachibadwidwe asanabwere.

Onani tsono chodabwitsa. M'mapemphero athu Amai Maria amadzitcha mdzakazi, liwu limene m'Chicheŵa chakale linkatanthauza kapolo wamkazi, ndipo ife timalinena ndi ulemu waukulu. Kusiyana kwake nkwakuti iwo adadzitcha okha, mwa ufulu wao, pamaso pa Mulungu. Dzina limene munthu wadzisankhira modzichepetsa silifanana ndi dzina limene wina wamukakamiza kuti amutsitse.

Maina a mitundu ndi a zipembedzo

Nthaŵi ya atsamunda idabweretsa maina akeake. Bambo wa imvi, wa ana ndi zidzukulu, akaloŵa ntchito m'nyumba ya Mzungu ankasanduka boyi. Malo naonso adatchedwa monga alendo adafunira kapena monga lilime lao lidathera: Fort Johnston, Port Herald, Fort Manning, Kota Kota. Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina ameneŵa adasinthidwa nakhala Mangochi, Nsanje, Mchinji ndi Nkhotakota. Pa nthaŵi imeneyo panalibe Mmalaŵi amene adadandaula kuti kusintha maina nkutaya nthaŵi, chifukwa tonse tinali kumbali ya olakwiridwa, ndipo tinkamva m'thupi mwathu chimene dzina lopatsidwa ndi wina limachita.

Phunzirolo limavuta pamene olakwira tili ife. Alomwe ataloŵa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anzao ndi boma lomwe ankaŵatcha Anguru. Liwulo lidatenga fungo la chinyozo, lotanthauza mlendo wosauka wogwira thangata m'minda ya Azungu. M'zaka za m'ma 1940 Lewis Bandawe, amene adagwiranso ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, adatsogolera bungwe la Alomwe popempha boma kuti lileke kugwiritsa ntchito dzinalo, ndipo boma lidavomera. Momwemonso Ayao ambiri amafuna kutchedwa Ayao, osati Achaŵa. Amene amati maina aŵa alibe vuto kaŵirikaŵiri ndi amene sadaŵasenzepo.

Ku Nkhotakota, kumene mizikiti ndi matchalitchi zayandikana kuyambira pamene amishoni a Anglican adakhazikika mu 1894, nkhani ya maina a zipembedzo njapafupi kwambiri. Akhristu ambiri adakula akutcha anansi ao Anasala, ndi chipembedzo chao Chinasala. Eni ake amati iwo ndi Asilamu, ndipo ali ndi chifukwa chomveka, pakuti m'Chiarabu liwu limene lidabala dzinali limanena za Akhristu, otsata Yesu wa ku Nazarete. Ife Akatolika tidatchedwa Aroma, nthaŵi zina monyoza, ngati anthu a chipembedzo chachilendo. Koma nafenso tinali ndi mau athu. Akhristu a mipingo ina tinkaŵatcha ampatuko, ndipo agogo athu osabatizidwa, amene adatilera ndi kutiphunzitsa ulemu, tinkaŵatcha akunja, ngati kuti iwo ali kubwalo kwa chifundo cha Mulungu.

Mpingo wonse udayenera kuunikanso lilime lake. Mu 1959 Papa Yohane XXIII adalamula kuti m'pemphero la Lachisanu Loyera lopempherera Ayuda muchotsedwe liwu la Chilatini limene anthu ankalimva ngati likuŵatcha osakhulupirika ndi achinyengo. Liwulo lidakhala m'pemphero zaka mazana ambiri, ndipo akatswiri ena ankati poyamba silinkatanthauza choipa. Koma pambuyo pa kuphedwa kwa Ayuda mamiliyoni 6 m'nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, Papa adaona kuti tanthauzo la m'mabuku silingapose bala la anthu amoyo. Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiŵiri, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa Akatolika kuona Akhristu a mipingo ina ngati abale, ndipo m'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965 udalankhula za Asilamu ndi Ayuda mwaulemu. Chiphunzitso cha chikhulupiriro sichidasinthe, koma kaitanidwe ka anzathu kadasintha. Kuno kwathu chipatso china chidaoneka mu 1998, pamene Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika pamodzi ndi mipingo ina, lidatuluka lili ndi dzina loti Chauta, dzina lomwe lija ankapembedzera makolo amene tinkaŵatcha akunja.

Ndipo ngati wina akayikabe mphamvu ya dzina, afunse amuna a m'mbali mwa nyanja amene adapita kukagwira ntchito ku Harare ndi ku Joni. Ku Zimbabwe Amalaŵi ankatchedwa Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ndipo ngakhale liwu lathu laulemu loti achimwene lidasandutsidwa choseketsa. Ku South Africa alendo ochokera m'maiko ena a Africa amatchedwa makwerekwere, ndipo mu 2008 ndi mu 2015 abale athu ambiri adabwerera kumudzi pa mabasi, atasiya katundu wao, pothaŵa zipolowe. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Pamene matenda asanduka dzina

Gulu lina la mau ndi la amene amatcha munthu ndi matenda ake kapena ndi chilema chake. Kale khate linali lofala m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa. Wodwala ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, ankadyera m'mbale yakeyake, ndipo dzina lake la kubadwa linkaiŵalika, nkungotsala loti wakhate. Amishoni adatsekula malo osamalira odwala otere ku Mua ndi ku Utale. Dokotala wa ku Norway, Gerhard Hansen, adapeza kachilombo koyambitsa matendaŵa mu 1873, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pakhala mankhwala ophatikiza amene amachiritsa khate kotheratu. Pofika 1994 odwala adachepa m'Malaŵi muno mpaka kufika pa muyeso umene bungwe la zaumoyo la dziko lonse limati matendaŵa salinso mliri, ngakhale kuti sadathe psiti. Koma taonani: munthu amachira m'thupi, kachilombo nkutha, dzina lija osachoka. Mwana wake pofunsira mbeta amamva kuti kwao nkwa akhate. Nchifukwa chake dziko la Brazil lidakhazikitsa lamulo mu 1995 losintha dzina la matendaŵa m'makalata onse a boma, pofuna kuti odwala asaope kupita kuchipatala.

Chilankhulo chathu chili ndi njira yake yotsitsira munthu. Tikaika chi- kapena ka- patsogolo pa dzina la munthu, tamuchotsa m'gulu la anthu nkumuika m'gulu la zinthu: chimunthu, kankhalamba. Mau ngati gonthi ndi bububu amamveka okha kuti ngoseka. Anzathu olankhula Chiswahili adazindikira zomwezi pa mau ao ngati kipofu ndi kiziwi, amene ali m'gulu limodzi ndi maina a mpando ndi mpeni, ndipo ambiri adayamba kuŵapeŵa. Pamene tikuti munthu wosamva, munthu wosaona, munthu waulumali, timayamba ndi munthu, vuto lake nkubwera pambuyo. Malamulo a dziko naonso ayenda njira yomweyi: lamulo la 1971 ndilo lidakhazikitsa bungwe la MACOHA, mu 2012 kudabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo mu 2024 lamulo linanso lidasintha dzina la bungwelo kukhala MACODA, pochotsamo liwu lakale la Chingerezi.

Koma palibe amene aonetsa poyera kuopsa kwa mau kuposa abale athu achialubino. Kwa zaka zambiri ankatchedwa napweri kapena mzungu dala, ndipo ana ankauzidwa bodza loti anthu otere samwalira koma amangosoŵa. Ambiri ankati nzoseka chabe. Koma kuyambira kumapeto kwa 2014 kudabuka mchitidwe woopsa wakuba ndi kupha anthu achialubino ndi kufukula manda ao, chifukwa cha chikhulupiriro chabodza choti mafupa ao amalemeretsa. Pa nthaŵi imeneyo ena ankaŵakuwiza panjira kuti ndalama zikudutsa. Munthu ukayamba wamutcha ndalama, wamuchotsa kale m'gulu la anthu, ndipo wobwera ndi chikwanje amapeza njira italambulidwa. Dziko la Rwanda lidaona zotere mu 1994, pamene anthu amene ankaphedwa anali atayamba atchedwa mphemvu pa wailesi.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango pa milandu imeneyi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malaŵi muli anthu achialubino oposa 134,000. Ndipo mu Okutobala 2021, anthu a dera la kumpoto chakuvuma kwa boma la Nkhotakota adasankha Overstone Kondowe, amene adatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM, kukhala phungu wao, munthu woyamba wachialubino kusankhidwa kuloŵa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Boma lomwe lija limene kale anthu ankatsikirako m'magoli ndilo lidayamba kutcha munthu wotere Olemekezeka.

Mbali ina ya nkhaniyi

Komabe tisathamangire kunena kuti achikulire odandaula aja alibe mfundo. Ali nazo ziŵiri, ndipo nzoyenera kuzimva.

Yoyamba njakuti kusintha liwu popanda kusintha mtima kuli ngati kuthira madzi oyera mu mtsuko wosatsuka. Wopunduka adasanduka wolumala, wolumala nkusanduka waulumali, koma ngati khomo la tchalitchi likadali ndi masitepe amene njinga yake singakwere, ngati mwana wosamva akadali kunyumba pamene anzake ali kusukulu, liwu latsopanolo lidzada monga lidadera lakale, ndipo patapita zaka tidzafunanso lina. Ndiponso agogo amene anena liwu lakale uku akudyetsa ndi kusambitsa mdzukulu wao waulumali, aposa kutali munthu wophunzira amene adziŵa mau onse oyenera koma sadagwirepo wodwala ndi dzanja lake. Wotereyu asamachititse manyazi agogowo pagulu. Aŵafotokozere pambali, mwaulemu, monga mwambo ufunira.

Yachiŵiri njakuti pali kuzungulira kwina kumene kumapha. Edzi itapezeka koyamba m'Malaŵi mu 1985, anthu adaipatsa maina ambiri: kaliwondewonde, magaŵagaŵa, matenda a boma, matenda a masiku ano. Ena mwa mainaŵa anali onyoza odwala, ena anali obisa matendawo. Pa maliro ankangoti malemu adadwala nthaŵi yaitali, ndipo aliyense ankabwerera kwao osaphunzirapo kanthu, mwambo wa chokolo ndi wa kuloŵa kufa nkumapitirira. Kudafunika kulimba mtima kwa anthu ngati Kenneth Kaunda, amene mu 1987 adaulula poyera kuti mwana wake adamwalira ndi Edzi, ndi Bakili Muluzi, amene mu 2004 adanena zomwezo za mbale wake, kuti anthu ayambe kutchula matendawo ndi dzina lake nkupita kukayezetsa. Apa ulemu wobisa udatitayitsa anthu ambiri.

Chimodzimodzi ndi ukapolo. Nkulakwa kutcha munthu kapolo, koma kukadakhala kulakwa kwakukulu kuchotsa liwulo m'mabuku a sukulu kuti ana a ku Bua asadziŵe zimene zidachitika pa gombe lao. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amatchula ukapolo ndi dzina lake pouletsa, ndipo mu 2015 kudakhazikitsidwa lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu, chifukwa malonda akale aja adangosintha zovala. Mtsikana wotengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, nkumagwira ntchito usiku ndi usana popanda malipiro, sathandizidwa tikamutcha mwana wa m'nyumba. Zimene zikumuchitikira ziyenera kutchulidwa monga ziliri.

Muyeso wake

Tsono mbiri ya gombe la Bua ikutipatsa muyeso umene achikulire ndi achinyamata angagwirizanepo. Chinthu chitchulidwe ndi dzina lake lenileni, koma munthu asaitanidwe ndi bala lake. Khate ndi khate, Edzi ndi Edzi, ukapolo ndi ukapolo, ndipo kuzibisa nkuzipatsa mphamvu. Koma wodwala ali ndi dzina lake la ubatizo, ali ndi chiwongo chake, ndi bambo a uje kapena mai a uje, ndipo ndi maina amenewo amene tiyenera kumuitanira.

Nanga tikakayika, tidzadziŵa bwanji kuti liwu ili nloŵaŵa? Tifunse wolisenza. Katundu ali pamutu pa mnzako sungadziŵe kulemera kwake pomuyang'ana chabe. Mlomwe, Msilamu, munthu wachialubino, mai wosaona, akatiuza kuti dzina lakutilakuti limaŵapweteka, sitiyenera kuŵatsutsa ponena kuti ife sitidatanthauze choipa. Woponda mnzake chala mosadziŵa amachotsa phazi lake akauzidwa, sayamba wafotokoza kuti sadachitire dala phazi lili pomwepo. Ndipo zimene tataya posiya liwu limodzi nzochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mnzathuyo wapeza.

Ntchito imeneyi siyambira ku Nyumba ya Malamulo kapena pa wailesi. Imayambira pa mkeka wa chakudya chamadzulo, pamene ana amamva m'mene bambo ndi mai amatchulira mnansi wa chipembedzo china, wantchito wa mtundu wina, kapena munthu wodwala maganizo amene amayendayenda pamsika. Palibe mwana amene amabadwa akudziŵa liwu loti napweri kapena Mnguru. Amalitola pakhomo, nkukaliponyera mnzake kusukulu. Makolo, aphunzitsi, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, tiyeni tisimbirenso ana athu nthano ya Amwandionerapati, ndipo tiŵauze chifukwa chake wanzeru uja adayankha kuti wamuonera patali. Mnzako akapsa ndevu mzimire, pakuti maŵa adzazima zako.